Mlendo ndi Mame: Lendi ya Nyengo ya Zokolola pa Mponela

Ine ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinamanga zipinda zinayi kuseri kwa nyumba yanga konkuno ku Mponela. Lero sindinabwere ndi nkhani ya feteleza kapena ya mizere ayi. Ndabwera ndi nkhani ya zipinda zimenezo, ya zipinda zanu, ndi ya makonde anu.

Mwezi wa Epulo wayandikira. Posachedwapa muyamba kumva odi pakhomo. Mukatuluka mupeza munthu wachilendo, sikelo ili m'manja, mpukutu wa matumba uli pa njinga. "Zikomo bambo, kodi pano pangapezeke chipinda cha lendi? Ndingokhala miyezi itatu yokha, ndipo ndilipira bwino." Mawu amenewa amakoma m'khutu, makamaka nthawi ino imene m'nkhokwe mwapepuka ndipo ana akufuna fizi. Tsono ndifuna kuti tiganize pamodzi tisanamuyankhe munthuyo.

Kodi alendowa anayamba bwanji?

Achikulire anzanga mukukumbukira kuti kale malonda otere kunalibe. Bungwe la ADMARC linakhazikitsidwa mu 1971, ndipo mlimi wamng'ono akakolola, njira inali imodzi: kunyamula mbewu kupita nazo ku msika wa ADMARC. Bungwelo linali ndi mashedi akeake ndi masikelo akeake. Silinkagogoda pakhomo pa munthu kufunsa chipinda.

Zinthu zinasintha mu 1987 pamene Boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi. Kenaka kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale, amene kale anali wa m'maesiteti mokha. Ndalama zinayamba kuyenda m'midzi, ndipo kumene kuli ndalama amalonda amatsatira. Koma venda alibe shedi. Shedi yake ndi chipinda chanu, msika wake ndi khonde lanu.

Malo athu ano ndi owakomera. Tili pa msewu waukulu wa M1, ndipo msewu wa ku Ntchisi umapatukira pompano. Soya, mtedza ndi chimanga zochokera kwa Dzoole, kwa Kayembe ndi mbali za ku Ntchisi zimasonkhana pano, ndipo lole ikanyamuka m'mawa imakatsitsa ku Kanengo dzuwa lisanafike pamutu. Anthu nawo achuluka. Kalembera wa mu 2008 anapeza anthu oposa 14,000 pa Mponela, koma wa mu 2018 anapeza oposa 24,000. Nyumba zamangidwa, inde, koma ofuna pogona akuchuluka msanga kuposa njerwa.

Si mavenda okha amene amafuna malo a masiku ochepa. Alipo obwera ku misonkhano ya m'mahotela athuwa, makamaka madalaivala ndi ena ofuna kusungako alawansi, amene amafunafuna chipinda chotchipa cha mausiku atatu kapena anayi. Alipo ogwira ntchito za makontirakiti, monga aja tinawaona ntchito yokonzanso msewu wa M1 itayamba mu 2022. Alipo ana a sukulu za sekondale ochokera kutali amene amadziphikira okha, aja timati a selefu. Onsewa amabwera ndi kupita. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu ankaunena pofuna kuti tizimpirira mlendo, koma kwa mwini nyumba ya lendi uli ndi phunziro linanso: mame akakamuka, chipinda chimatsala chokhachokha.

Zimene zinandichitikira ine

Ndiyambe ndi kudziulula, chifukwa si bwino kulangiza anzako ngati kuti iwe sunapunthwepo.

M'chipinda changa chachiwiri munkakhala mphunzitsi wa pa pulayimale, mnyamata waulemu, wa mkazi ndi mwana mmodzi. Anakhala zaka zitatu. Nthawi zina malipiro ake akachedwa nayenso ankachedwa, koma sanandidyerepo ngakhale tambala. Chaka china mu Malichi kunabwera venda wa soya. Anaona chipindacho chili pafupi ndi msewu, ndipo anatchula ndalama yoposa kawiri imene mphunzitsi uja ankalipira. Anatulutsa ya miyezi iwiri pomwepo, yatsopano, yonunkhira ku banki. Amayi akunyumba anandikokera pambali nati, "Bambo, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada." Ine ndinawayankha kuti za bizinesi sazidziwa. Ndinamuuza mphunzitsi uja kuti pakutha pa mwezi asamuke, ndipo ndinanama kuti ndikufuna kukonza denga.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, pakuti masamu mwaphunzira. Mitengo imasintha chaka ndi chaka, tsono manambala amene nditchulewa ndi ongoyerekeza kuti kuwerengera kusavute. Tinene kuti mphunzitsi amalipira K20,000 pa mwezi. Pa miyezi 12 ndi K240,000. Venda akulipira K50,000 pa mwezi, ndipo akhala miyezi itatu. Zonse pamodzi ndi zingati? Inde mayi, K150,000. Nanga miyezi isanu ndi inayi yotsalayo? Venda amachoka mu Julayi kapena Ogasiti, nthawi imene mavenda ena onse akuchokanso, ndipo zipinda zopanda anthu zimakhala mbwee pa tauni ponse. Tinene kuti mwachita mwayi, mwapeza wina wokhala miyezi inayi pa K20,000. Imeneyo ndi K80,000. Kuphatikiza ndi ija ya venda ndi K230,000. Mwaona? Simunafikebe pa K240,000 ya mphunzitsi uja, ndipo simunayambe n'komwe kukonza zimene zawonongeka.

Njira yake yowerengera ndi yapafupi, ilembeni m'makope mwanu. Tengani ndalama imene chipinda chimabweretsa pa chaka chathunthu, muigawe ndi miyezi imene mlendo akufuna kukhala. K240,000 kugawa ndi 3 ndi K80,000. Ndiye kuti chipinda chikakhala chopanda munthu miyezi yotsalayo, venda wolipira ndalama yochepera K80,000 pa mwezi sakukupindulitsani, ngakhale ndalama yakeyo ioneke yambiri m'manja tsiku loyamba. Ine masamu amenewa ndinawachita mu Novembala, nditakhala pa khonde kuyang'ana chitseko chotseka. Ndikanawachita mu Malichi.

Ndipo nkhani yanga sinathere pamenepo. Venda uja mwezi wachitatu sanalipire. Tsiku lina usiku kunabwera lole, anakweza matumba, nati abweranso Loweruka kudzatenga zotsala ndi kudzandilipira. Anasiya loko wake pa chitseko. Loweruka linadutsa. Foni yake inaleka kugwira. Dzina limene ndinkalidziwa linali la pa msika chabe, la makolo ake sindinalifunse, mudzi wake sindinaudziwe. Ndinakhala miyezi iwiri ndikuopa kuthyola loko, poganiza kuti angadzati ndamubera katundu. Potsiriza ndinaitana a mfumu ndi mboni ziwiri, tinathyola. Tinapezamo matumba asanu ndi limodzi a mankhusu, sikelo yothyoka, ndi makoswe onenepa ngati ana a mphaka.

Zimene sizioneka tsiku lolandira ndalama

Walira mvula walira matope. Matope ake a lendi ya mbewu ndi awa.

Poyamba simenti ya pansi. Chipinda chogona timachiwaka ndi simenti yopyapyala, yoti pakhale bedi, mpando ndi munthu. Thumba limodzi la mbewu ndi makilogalamu 50. Matumba 200 ndi makilogalamu 10,000, ndiye kuti matani 10. Simenti ya chipinda chogona singapirire zimenezo, imang'aluka. Matumba akatsamira khoma, makamaka khoma lomangira dothi, amalikankha pang'onopang'ono mpaka mng'alu kuoneka kunja. Aganyu poponya matumba amaswa mafelemu a chitseko. Kwa ine ndalama yokonzera inadya pafupifupi mwezi wathunthu wa lendi ya venda uja.

Kenaka tizilombo. Mbewu za venda zimachokera m'midzi yambiri, zina zouma bwino, zina zosauma. Zimabwera ndi anankafumbwe, ndipo anankafumbwe sadziwa malire a lendi. Akatha za venda amawolokera ku chimanga chanu. Makoswe nawo chimodzimodzi.

Koma chimene ndifuna muchimvetse koposa ndi cha mankhwala, pakuti apa pali moyo wa anthu. Mavenda ena pofuna kupha anankafumbwe amagula mapilitsi ofukizira mbewu, aja otuwa, nawaika pakati pa matumba. Mapilitsi amenewa akakhudzana ndi chinyezi cha mumpweya amatulutsa mpweya wa poizoni. Nthawi zina umamveka ngati adyo kapena nsomba yoola, koma musadalire mphuno, pakuti munthu ali m'tulo samva kanthu. Nyumba zathu zambiri za mdadada zilibe siling'i, khoma logawa zipinda silifika ku malata. Mpweya uja umadutsa pamwamba n'kulowa m'chipinda chimene mukugona ana. Umayamba ndi mutu, chizungulire, kusanza ndi kubanika, ndipo umapha. Mankhwala amenewa ndi oyenera kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa okhaokha, ovomerezedwa ndi bungwe la Boma loona za mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board, ndipo osati m'nyumba yogona anthu. Amayi ndi abambo, ngakhale venda alipire ndalama zingati, pa ichi pokha musagonje. Muuzeni tsiku loyamba, ndipo muzilowamo kukaona. Ngati wina m'nyumba wayamba zizindikiro ndatchulazi pamene pafupi pali mbewu zofukizidwa, tulutsani anthu onse panja ndipo thamangirani naye ku chipatala, mukawauze adokotala za mapilitsiwo.

Chimbudzi nachonso. Venda amati ali yekha, koma mawa lake mupeza aganyu anayi akugona pa matumba, ndipo tsiku lonse pa khonde pali alimi odikira sikelo. Onsewo chimbudzi ndi chanu, madzi ndi anu. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pakhomo podzaza anthu popanda chimbudzi chokwanira ndi madzi osamba m'manja ndi pamene matenda otere amayambira.

Sikelo ya pa khonde panu

Pali chinthu china chimene sichilembedwa m'kope la ndalama, ndicho mbiri ya munthu. Venda wanga uja sikelo yake inali yobera. Ine sindinadziwe. Mlamu wanga weniweni anabwera ndi soya wake amene anayeza kale kwina, ndipo pa khonde langa thumba lililonse linapepuka ndi makilogalamu atatu. Nkhani inawanda. Pa maliro ena kumudzi ndinamva amayi akunong'onezana kuti, "Musamakagulitse pa khonde la a mlangizi paja, pali sikelo yakuba." Taganizani! Munthu amene ndinatha zaka ndikuphunzitsa alimi kuti asamaberedwe. Venda anapita, dzina lake palibe analidziwa. Dzina limene linatsala pa sikelo ija linali langa.

Tsono musachite manyazi kufunsa. Sikelo yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a bungwe la Malawi Bureau of Standards. Wogula mbewu ayenera kukhala ndi chiphaso chogulira. Ndipo chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, imene mumaimva pa wailesi. Munthu wokana kukuonetsani chiphaso, kapena wokana kuti muyeze pa sikelo yake paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, mwamudziwa kale. Apite akafune khonde lina.

Nanga mphunzitsi uja anapita kuti?

Funso limeneli linandisowetsa tulo. Mwezi wa Epulo chipinda chotchipa sichipezeka pa Mponela. Mnyamata uja anakapeza nyumba kumudzi wina kutali, nayamba kupalasa njinga m'mawa uliwonse. Nthawi ya mvula ankafika m'kalasi mochedwa, matope ali m'miyendo. Chaka chotsatira anapempha kusamutsidwa, ndipo anapita. M'kalasi imene ankaphunzitsayo munali mdzukulu wanga.

Ndikanakhala ndekha wochita zimenezi, bwenzi ili nkhani yaing'ono. Koma tikachita tonse, mphunzitsi, namwino, mlangizi ndi wapolisi adzasowa pokhala pa tauni imene akuitumikira. Vuto limeneli si la kuno kokha. Kumaiko a azungu kuli kampani yotchedwa Airbnb, imene inayamba mu 2008, yothandiza eni nyumba kupeza alendo a masiku ochepa kudzera pa intaneti. Eni nyumba ambiri ataona kuti mlendo wodzaona malo amalipira bwino kuposa munthu wokhazikika, anachita ngati momwe ndinachitira ine. Mu mzinda wa Barcelona ku Spain zinafika poti mu 2024 akuluakulu a mzindawo analengeza kuti pofika mu 2028 adzathetsa ziphaso za nyumba pafupifupi 10,000 zochititsa lendi kwa alendo otere, kuti eni mzinda apeze pokhala. Iwo alendo awo amabwera ndi makamera, ife athu amabwera ndi masikelo, koma amene amatulutsidwa m'nyumba ndi yemweyo, munthu wa malipiro a pa mwezi.

Kodi ndiye tiwakane onse?

Ayi, sindikutero. Mavenda ambiri ndi anthu oona mtima, ena ndi ana athu omwe, ndipo popanda iwo soya wathu tikanamugulitsa kuti? Ndiponso ndivomere kuti lendi ya chaka chonse ili ndi vuto lake. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Mtengo wa simenti, malata ndi sopo unakwera nthawi yomweyo, koma lendi imene munagwirizana mu Januwale inali yomweyo. Mwini nyumba amamva kuwawa, ndipo venda akabwera ndi mtengo watsopano mtima umagwedezeka. Mankhwala ake si kuthamangitsa munthu. Mankhwala ake ndi kugwirizana kuyambira pachiyambi kuti lendi idzaunikidwa kamodzi pa chaka, mwezi wakutiwakuti, ndipo mwini nyumba adzanena miyezi iwiri isanakwane. Munthu wa malipiro akadziwiratu amakonzeka.

Lendi ya nyengo imapindula pamene mukuchititsa malo amene akanangokhala chabe: khonde, sitolo yotseka, nyumba yosatha imene yafoleredwa koma simunalowemo. Pamenepo ndalama iliyonse yolowa ndi phindu, pakuti simunatulutse munthu. Ngati muli ndi mphamvu, mangani kachipinda kosungira mbewu pakokha, kotalikirana ndi mogona anthu, ka simenti yochindikala, ndipo matumba azisanjidwa pa mitengo, osakhudza pansi kapena khoma. Ine ndi mmene ndinachitira pambuyo pake. Miyezi imene mulibe venda ndimasungamo chimanga changa ndi feteleza.

Koma musakongole ndalama ya katapira kapena ya ku banki m'khonde kuti mumange zipinda podalira alendo a nyengo okha. Kumbukirani 2020. Pa 23 Malichi chaka chimenecho sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo sizinayambe kutsegulidwa mpaka Sepitembala. Misonkhano ya m'mahotela inachepa. Ana a selefu anabwerera kwawo. Amene anamanga ndi ngongole podalira anthu amenewa analira, pakuti ngongole siidziwa kuti chipinda chilibe munthu. Ndipo amene mukufuna kulandira alendo a usiku umodzi kapena uwiri tsiku ndi tsiku, dziwani kuti imeneyo ndi resitihausi, ndipo imafuna laisensi. Pitani ku khonsolo mukafunse musanapachike chikwangwani.

Za ana a sukulu

Pa ana a selefu ndinenepo mawu awiri, makamaka kwa inu amayi. Mwana wa sukulu salipira zambiri, ndipo pa tchuthi amachoka. Gwirizanani ndi kholo lake, osati ndi mwanayo, ngati lendi ili ya pa teremu kapena ya pa mwezi, ndiponso ngati katundu wake atsale m'chipinda pa tchuthi. Lembani nambala ya foni ya khololo. Koma chachikulu ndi ichi: musaike atsikana a sukulu bwalo limodzi ndi amuna achilendo oyenda ndi ndalama zambiri m'thumba. Mtsikana amene ufa wamuthera pakati pa teremu, ndipo khomo loyandikana nalo pali bambo wowerenga ndalama madzulo aliwonse, mukudziwa nokha kumene nkhaniyo imathera. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mukalandira mwana wa mnzanu pakhomo panu mwasanduka kholo lake. Ngati simungathe kumuyang'anira, ndi bwino kukana ndalamayo.

Cholembera chigwire ntchito

Tsopano ndifike pa chimene inu muli nacho, chimene anzanu ambiri alibe. Mwaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Ine ndinali wodziwa kulemba kuyambira ubwana, koma tsiku lija ndalama itaonekera cholembera ndinachiiwala m'thumba. Mavuto anga onse aja, loko, mwezi wosalipira, simenti yosweka, akanachepa ndi pepala limodzi.

Munthu asanalowetse thumba ngakhale limodzi, muoneni chiphaso chake cha unzika. Kuyambira mu 2017 Amalawi akuluakulu analembetsa ziphaso zimenezi, tsono wonena kuti alibe chilichonse chomuzindikiritsa mukhale naye tcheru. Koperani dzina lonse, nambala ya chiphaso, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwawo. Chiphasocho mubwezereni mwini wake, si chanu chosunga. Kenaka kamuonetseni kwa a mfumu kapena kwa a komiti ya chitetezo, pakuti munthu wosunga ndalama ndi mbewu amakopa akuba, ndipo akubawo akabwera sasankha chitseko.

Ndalama ilipiridwe mwezi usanayambe, osati utatha. Pakhalenso ya chikole, imene mudzabweza iye akamatuluka ngati palibe chowonongeka. Ndalama ya chikoleyo si yanu, musaidye. Ndaona anthu akukangana mpaka kwa a mfumu chifukwa mwini nyumba anagulira feteleza ndalama ya chikole. Gulani kope limodzi la lendi yokha. Mukalandira ndalama lembani tsiku, kuchuluka kwake ndi mwezi umene yalipirira, ndipo nonse awiri musaine. Ikabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga wake musaufufute, koma lembaninso m'kope, pakuti foni imatayika.

Zikavuta, musazule chitseko, musachotse malata, musagulitse katundu wa munthu panokha. Mukatero mlandu umatembenuka, wolakwa mumakhala inu. Yambani kwa a mfumu. Zikakanika kumeneko, khoti la majisitireti lilipo, ndipo chinthu choyamba chimene adzakufunsani ndi chakuti, "Munalemberana?"

Tsono tsegulani makope anu. Aphunzitsi, ndibwerekeni choko. Ndilemba pa bolodi pangano limene ndimagwiritsa ntchito ine, ndipo inu mukopere. Pamene pali timadontho ndi pamene mudzalembe zanu.

PANGANO LA LENDI

Lero pa .......... ine .......... mwini nyumba, ndabwereketsa chipinda chimodzi ndi khonde kwa .......... wa m'mudzi mwa .........., Mfumu Yaikulu .........., boma la .........., nambala ya chiphaso ..........

Alowa pa .......... ndipo adzatuluka pa ..........

Lendi ndi K.......... pa mwezi, yolipira mwezi usanayambe. Wapereka chikole cha K.......... chimene chidzabwezedwa akadzatuluka, kuchotsapo mtengo wa zimene zawonongeka.

Ogona m'chipindamo asapitirire anthu .......... Matumba asapitirire .......... ndipo asanjidwe pa mitengo, osatsamira khoma.

Mapilitsi ofukizira mbewu ndi oletsedwa. Mwini nyumba ali ndi ufulu wolowa kukaona, wa lendi ali pomwepo.

Madzi adzalipira .......... Magetsi adzalipira ..........

Wofuna kuthetsa panganoli tsiku lisanakwane anene masabata awiri asanatero.

Ngati wa lendi asowa masiku 14 tsiku lotuluka litadutsa, mwini nyumba adzatsegula chipinda pamaso pa a mfumu ndi mboni ziwiri, ndipo katundu wopezekamo adzalembedwa ndi kusungidwa.

Mwini nyumba .......... Wa lendi ..........

Mboni yoyamba .......... Mboni yachiwiri ..........

Mapepala akhale awiri ofanana, lina lanu, lina lake. Muwerengereni mokweza mboni zikumva, pakuti mwina iye ndi amene sadziwa kuwerenga, ndipo ngati satha kusaina adinde chala. Musanampatse kiyi, lowani naye m'chipindamo pamodzi ndi mboni, muone mawindo, chitseko ndi simenti, ndipo ming'alu imene ilipo kale muilembe kuseri kwa pepalalo kuti musadzamunamizire.

Mayi kumbuyoko mukufunsa ngati mboni ingakhale mwamuna wanu. Ingakhale, koma yachiwiriyo ikhale ya kunja kwa banja, monga a nyakwawa kapena mnansi amene wa lendiyo wavomereza. Amene mwatha kukopera bweretsani makope kuno ndione ngati mwasiya mipata yokwanira pa timadontho, pakuti nambala ya chiphaso ndi yaitali ndipo mayina a midzi yathu ena satha msanga.